Posita siisamba m'manja

Caka catha malume anga anagona masiku 12 mu ICU ya cipatala cina cacikulu, atacita ngozi ya pamseu. Acibale tinali kulowa mmodzi-mmodzi, mphindi zocepa cabe, kenako n'kutuluka kuti wina alowe. Pafupi na citseko panali posita yaikulu yoonetsa manja awili odzala thovu, na mau ouza aliyense kuti asambe m'manja. Pansi pa positayo panali sinki. Masiku ena pompi inali kutulutsa madzi, masiku ena inali kungotulutsa mphepo. Botolo la sanitaiza linali limodzi, pa tebulo ya manesi, kutali na mabedi.

Tsiku lina madzulo n'naimilila pambali pa bedi ya malume, n'kumayang'ana nesi mmodzi amene anali kusamalila odwala atatu. Anali kucotsa makhololo mu paipi ya pakhosi ya mnyamata wa pa bedi yoyamba pamene makina a malume anayamba kulila. Anasiya zonse n'kuthamangila kwa ife, ndipo anagwila kapaipi ka dilipu kamene kanali pakhosi pa malume atavala magolovesi omwe aja. N'naona na maso anga. Sin'nakambe kanthu. N'nali kuopa kuti nikakamba adzanitulutsa, kapena adzaleka kusamalila bwino wodwala wathu.

Opaleshoni ya malume inali itayenda bwino. Pa tsiku la 6 thupi linatentha, ndipo adokota anatiuza kuti tuzilombo twalowa m'magazi. Mankhwala oyamba sanagwile. Aciwili tinacita kusonkha ndalama pa gulu la WhatsApp la banja kuti tikagule kunja. Pa tsiku la 12 tinayamba kusakila bokosi. Pa malilo ena anati inali nthawi yao. Ena anali kunong'ona kuti pali dzanja la munthu. Ine n'nakhala cete, koma mumtima n'nati: mwina dzanja linalipodi, koma si dzanja limene mukuganizila.

Siningalumbile kuti magolovesi aja ndiwo anapha malume, ndipo sin'nalembe izi kuti niloze cala nesi uja. Nalemba cifukwa natopa na mayankho awili amene timamva nthawi zonse nkhani ngati iyi ikabuka. Loyamba ni lathu, la mu minibasi na la pa Facebook: "Manesi a masiku ano ni aulesi, amangokhalila foni." Laciwili ni la akulu-akulu a zipatala: kumata posita ina na kuitanitsa wekishopu ku hotelo. Onse awili amaganiza kuti vuto lili m'mutu mwa nesi, kuti kaya sadziwa kaya safuna. Ine nikuti vuto lalikulu lili m'kakonzedwe ka nchito: odwala angati apatsidwa nesi mmodzi, botolo laikidwa pati, madzi alipo kapena kulibe, magolovesi akuvalidwa bwanji, ndipo wamng'ono angakambe ciani pamaso pa wamkulu. Posita siingakonze ngakhale cimodzi mwa izi.

Coyamba timvetsetse cifukwa cake dzanja ni nkhani yaikulu mu ICU kuposa mu wodi ina iliyonse. Khungu ni mpanda wa thupi. Munthu wa mu ICU mpanda wake uli na zipata zotsegula: paipi ya pakhosi yopita ku makina opumila, kapaipi kolowa mu mtsempha waukulu wa magazi, kapaipi ka mkodzo, bala la opaleshoni. Tuzilombo tumene pa khungu la iwe na ine situcita kanthu, tukapeza cipata cotelo tumalowa mpaka m'mapapo kapena m'magazi. Ndipo tuzilombo twa m'cipatala si twamba. Tumakhala pamalo pamene mankhwala otupha amagwilitsidwa nchito tsiku lililonse, conco tumene tumapulumuka ni tuja tumene mankhwala ambili satukwanitsa. Mapiko tulibe. Kuti tucoke pa bedi iyi kupita pa bedi iyo, kawili-kawili tumanyamulidwa na dzanja la munthu wa nchito.

Lipoti ya bungwe la WHO ya mu 2022 inati pa odwala 100 alionse ogonekedwa m'zipatala, 7 m'maiko olemela na 15 m'maiko osauka na apakati amatenga matenda atsopano m'cipatala momwemo, ndipo pa odwala 10 otelo mmodzi amafa nao. Mu ICU ciwelengelo cimakwela, moti ngakhale m'maiko olemela cingafike pa odwala 30 pa 100 alionse. Awa ni anthu amene anabwela na vuto limodzi, n'kupatsidwa lina pa bedi yomwe anayembekezela kucililapo.

Kuyambila mu 2009, WHO imaphunzitsa nthawi zisanu zimene wa nchito ya zaumoyo afunika kuyeletsa manja: asanagwile wodwala, asanacite nchito yofuna ukhondo monga kulasa nsingano kapena kusintha bandeji, atagwila magazi, mkodzo kapena madzi ena a m'thupi, atagwila wodwala, komanso atagwila zinthu zozungulila wodwala monga bedi na makina. Palibe nesi kapena dokota wa mu ICU amene sadziwa zimenezi. Anazilemba pa mayeso. Koma mu 2010 ofufuza atasonkhanitsa malipoti a kafukufuku okwana 96 ocokela m'zipatala za m'maiko olemela, anapeza kuti anchito anali kuyeletsa manja pa nthawi 40 cabe pa nthawi 100 zofunika. Mu ICU zinali pakati pa 30 na 40, kutsika kuposa mawodi ena.

Imani kaye pamenepo. Malo amene odwala ali pangozi kwambili ndiwo malo amene manja amayeletsedwa mocepa kwambili, ndipo izi n'za kumaiko kumene pompi siiuma. Kodi tinene kuti manesi a ku Ulaya na ku America naonso ni aulesi, ndipo aulesi kwambili onse anapangana kukagwila nchito mu ICU? Ngati cinthu cimodzi cicitika kulikonse, kwa anthu osiyana mitundu, malipilo na maphunzilo, ndiye kuti muzu wake uli m'nchito momwemo.

Tiyeni ticite masamu. Nesi wa mu ICU angakumane na nthawi zofunika kuyeletsa manja zokwana 20 pa ola limodzi. Kusamba bwino na sopo na madzi, mmene WHO imalangizila, kumatenga masekondi 40 mpaka 60. Onjezanipo ulendo wopita ku sinki na kubwelela. Mphindi 20 kapena kuposa pa ola lililonse zathela pa sinki, uku makina akulila. Mu 1997 madokota awili, Andreas Voss na Andreas Widmer, anawelengela kuti mu ICU yokhala na anchito 12, kusamba na sopo nthawi zonse zofunika kungadye maola 16 a nchito pa shifiti imodzi ya masana. Kupaka sanitaiza yoikidwa pambali pa bedi kungadye maola atatu cabe, cifukwa kumatenga masekondi 20 mpaka 30 ndipo sikufuna ulendo.

M'maiko ambili muyezo ni wakuti wodwala amene ali pa makina opumila akhale na nesi wake-wake. Nesi amene n'namuona anali na atatu. Wodwala mpweya ukamuthela, nesi ali na masekondi ocepa kuti asankhe pakati pa sinki na paipi. Aliyense wa ife angathamangile paipi. Amene anaika nesiyo pa mabedi atatu, n'kusiya botolo limodzi pa tebulo, ndiye anasankha kale m'malo mwake. Koma pa malilo dzina la ameneyo silichulidwa.

Kutopa nakonso kuli na mbali yake. Ku America ofufuza anatsatila anchito oposa 4,000 m'zipatala 35, ndipo anapeza kuti kuyeletsa manja kunali kutsika pamene shifiti ikupita. Kumapeto kwa shifiti ya maola 12 kunali kutatsika na pafupi-fupi 9 pa 100 poyelekeza na kuciyambi, ndipo amene anapumula nthawi yaitali asanabwelele ku nchito anali kucita bwino. Tsopano ganizilani nesi wathu amene wacoka shifiti ya usiku, wagona maola atatu, n'kupita kukagwila ganyu ku kliniki ina kuti akwanitse lendi na ndalama za sukulu. Mungamuitanile mawekishopu asanu. Pa ola la 11 dzanja lake lidzaiwala ndithu.

Nanga cimagwila nchito n'ciani? Yankho lilipo kale. Ku cipatala ca yunivesiti ku Geneva, m'dziko la Switzerland, dokota Didier Pittet na anzake anawelenga mu 1994 n'kupeza kuti anchito anali kuyeletsa manja pa nthawi 48 pa 100. Anaika sanitaiza pa mabedi, anapatsa anchito tumabotolo toyenda nato m'thumba, anapitiliza kuwelenga mobweleza-bweleza n'kumauza anchito zimene apeza, ndipo akulu a cipatala anaimilila kumbuyo kwa nchitoyo poyela. Pofika mu 1997 ciwelengelo cinakwela kufika pa 66. Odwala otenga matenda m'cipatala anatsika kucoka pa 16.9 pa 100 mu 1994 kufika pa 9.9 mu 1998. Maposita analipo, sinikana. Koma anabwela pamodzi na botolo, na kuwelenga, na akulu oyankha mlandu. Ife timatengako posita, cifukwa ndiyo yochipa ndipo imaoneka bwino alendo akabwela.

Makolo anati fodya wako ni uyo ali pamphuno. Sanitaiza ya nesi ni imene ili m'thumba mwake kapena pa bedi ya wodwala. Imene ili m'cipinda cosungila katundu, cokiyidwa, makiyi ali na mkulu wa wodi amene anaweluka 16 koloko, ilibe nchito pa 02 koloko usiku. Cinanso, dzanja limene lasambidwa na sopo waukali kambili-mbili pa tsiku limauma n'kung'ambika, ndipo munthu amene manja amuwawa amayamba kuzemba sinki. Sanitaiza yabwino imakhala na glycerol wofewetsa khungu. Wogula katundu akasankha yochipa yowawa m'manja kuti asungeko ndalama, wasankhanso kuti anchito aziizemba.

Sanitaiza siicotsa kufunika kwa madzi. Manja akaoneka akuda, akagwa magazi, kapena munthu akacoka ku cimbudzi, pafunika sopo na madzi basi. Mu 2022 WHO na UNICEF anati theka la zipatala na makliniki padziko lonse zilibe zosambila m'manja zokwanila pamalo othandizila odwala na ku zimbudzi. Kuno kwathu tonse tikumbukila 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumazima pafupi-fupi tsiku lonse. Malaiti akazima, mapampu a madzi naonso amaima. Koma tikumbukilanso kolela wa kuciyambi kwa caka comweco, pamene masukulu anacedwa kutsegula ndipo Heroes Stadium inasanduka cipatala. M'masiku ocepa cabe, pa khomo la shopu, la chalichi na la bala panaoneka ndowa ya madzi na sopo. Ndiye kuti timadziwa kuika madzi pamene afunika tikacita mantha. Kolela amaoneka pa TV. Matenda a mu ICU amapha mmodzi-mmodzi kuseli kwa citseko cimene anthu ambili saloledwa kutsegula, ndiye cifukwa cake palibe amene amathamanga na ndowa.

Tsopano nkhani ya magolovesi, imene yatipusitsa tonse. Ife acibale tikaona nesi wavala magolovesi mtima umakhala pansi, timati apa pali ukhondo. Wovalayo nayenso amamva kuti ni wotetezeka. Koma golovesi ni khungu lina cabe. Imanyamula tuzilombo monga mmene dzanja limanyamulila, ingakhale na tumabowo tosaoneka, ndipo poivula dzanja limadetsedwa. Lamulo ni lakuti uyeletse manja usanavale, uvule ukamaliza nchito imeneyo pa wodwala ameneyo, uyeletsenso manja. Kafukufuku waonetsa kuti anchito akavala magolovesi amayeletsa manja mocepa kuposa pamene sanavale. Ndipo kumene magolovesi amapelekedwa mowelenga, bokosi limodzi kuti likwane mpaka mawa, munthu amayamba kuwasunga m'manja kucoka pa bedi kupita pa bedi. Amene amatetezeka ni wovala. Wodwala waciwili amalandila zonse za woyamba.

Pali cinthu cina cimene sitikonda kukamba cifukwa cikhudza anthu amene timawaopa. M'malipoti 96 aja, manesi anali kuyeletsa manja pa nthawi 48 pa 100, madokota pa nthawi 32. Ku Geneva kuja manesi anasintha kwambili, koma madokota anatsalila. Conco tikamatukwana manesi mu minibasi, tidziwe kuti tikutukwana gulu limene likucitako bwino.

Nkhaniyi ni yakale. Mu 1847, ku cipatala cacikulu ca ku Vienna, dokota wacicepele Ignaz Semmelweis anaona kuti azimai obelekela mu wodi ya madokota na ophunzila udokota anali kufa kwambili kuposa obelekela mu wodi ya anamwino obeleketsa. Madokotawo anali kucoka kokang'amba mitembo n'kupita kukapima azimai. Atawalamula kuti azisamba m'manja na madzi a klorini, imfa zinatsika kucoka pa azimai pafupi-fupi 18 pa 100 mu April kufika pa awili kapena kucepelapo m'miyezi yotsatila. Mungaganize kuti anamuyamikila. Madokota ambili akulu anakana, cifukwa kuvomela kunali kuvomela kuti manja ao ndiwo anali kupha. Semmelweis anafela m'cipatala ca odwala misala mu 1865. Zaka zoposa 170 zapita, koma kunyada komwe kuja kukali kuyenda m'mawodi.

Ofufuza ku Chicago anapeza kuti wa nchito akalowa m'cipinda ca wodwala pamodzi na wamkulu wake, wamkuluyo n'kusasamba, wamng'ono nayenso kawili-kawili sasamba. Make mbuu, mwana mbuu. Amene munagonekapo wacibale mukudziwa mmene zimakhalila m'mawa: dokota wamkulu patsogolo, kumbuyo kwake mzele wa madokota aang'ono, manesi na ophunzila. Akagwila wodwala uyu n'kupita kwa uyo osapaka kanthu, n'ndani pa mzelewo angatsegule pakamwa? Mtsikana wa caka caciwili ku koleji ya unesi, amene akufuna siginecha kuti apase? Tinaleledwa kuti wamng'ono sadzudzula wamkulu, ndipo mwambo umenewo uli na malo ake. Koma mwambo womwewo umati nsima ikafika, wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja, ana n'kutsatila. Ngati adokota afuna ulemu wa wamkulu, atenge na udindo wa wamkulu. Ayambe ndiwo kupaka sanitaiza pa bedi iliyonse, onse akuona, ndipo auze gulu lao kuti aliyense amene aona kuti aiwala awakumbutse.

Nikudziwa yankho limene likubwela: "Izo n'za ku Geneva, kuno ndalama kulibe." Ndiye tiyeni tibwele ku Lusaka. Pakati pa 2015 na 2017, dokota Lawrence Mwananyanda na anzake anacita kafukufuku mu ICU ya makanda ku University Teaching Hospital, kumene kacilombo kochedwa Klebsiella, kosamva mankhwala ambili, kanali kulowa m'magazi mwa ana obadwa kumene. Anatsatila makanda oposa 2,600. Zimene anabweletsa zinali zochipa: kuphunzitsa anchito za kapewedwe ka matenda, kuwakumbutsa na mameseji a pa foni, kuika sanitaiza, kuyeletsa bwino wodi, na kusambika makanda okulilapo na mankhwala a chlorhexidine kamodzi pa wiki. Imfa za makanda ogonekedwa zinatsika kucoka pa 23.6 pa 100 kufika pa 18.0 pa 100. Sinikuti sanitaiza yokha ndiyo inacita zonsezi, cifukwa zinthu zisanuzo zinayendela pamodzi. Koma zinacitika kuno, na anchito athu, m'wodi yathu, popanda makina atsopano a mamiliyoni. Pali ana amene lelo ali ku pulayimale cifukwa ca zinthu zazing'ono zimenezi.

Ndipo sanitaiza si cinthu cofunika kucita kuitanitsa kunja. WHO inafalitsa kapangidwe kake kuti famasi ya cipatala izitha kudzipangila: pa malita 10 pafunika ethanol malita 8.3, hydrogen peroxide wocepela theka la lita, glycerol pang'ono, na madzi oyela. Ethanol angapangidwe kucokela ku zotsala za nzimbe, ndipo nzimbe tili nazo ku Nakambala. Aliyense amene ali pa nchito yolembedwa amadulidwa 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipilo kupita ku NHIMA, abwana ake n'kuonjezapo ina. Dziko limene limadula ndalama ya zaumoyo mwezi na mwezi silingakambe kuti botolo pa bedi ya munthu amene ali pa makina opumila n'lodula. Codula ni mankhwala amphamvu amene banja limasonkhela tuzilombo tukalowa kale, masiku oonjezeleka pa bedi imene wina akuiyembekezela, na bokosi.

Wina anganene kuti nikucotsela anchito mlandu wonse. Ayi. M'malipoti 96 aja muli ciwelengelo cina cimene cimaniwawa kuposa zonse. Anchito anali kuyeletsa manja pa nthawi 47 pa 100 atagwila wodwala, koma pa nthawi 21 cabe asanamugwile. Kusamba utagwila wodwala kumateteza iwe. Kusamba usanamugwile kumateteza iye. Sinki ni imodzi-modzi, nthawi ni imodzi-modzi, koma dzanja limakumbukila bwino pamene thupi la mwini wake ndilo lili pangozi. Apo palibe boma lolozela cala. Ngati botolo lili pa bedi, lodzala, odwala si oculuka, ndipo munthu wadutsa osapaka, ameneyo afunika kuitanidwa mu ofesi, kaya ni nesi kaya ni dokota wamkulu. Cimene nikukana ni kuyamba na cilango pamene botolo kulibe.

Conco kwa akulu a zipatala nikuti: pa 5 May caka ciliconse dziko lonse limakumbukila tsiku la ukhondo wa m'manja. Caka cino lekani kusindikiza masikipa. Ndalamazo gulani botolo la pa bedi iliyonse ya mu ICU, ndipo lembani dzina la munthu amene nchito yake ni kulidzaza pa shifiti iliyonse, usiku womwe. Ikani thanki ya madzi imene siidalila malaiti. Cotsani posita ya manja a thovu pa citseko, muikepo pepala la mwezi na mwezi loonetsa kuti odwala angati anagonekedwa, angati anatenga matenda a m'magazi kapena a m'mapapo ali momwemo, ndipo malita angati a sanitaiza anatha. Musadalile cabe munthu woima na kope m'wodi, cifukwa aliyense amasamba akaona kuti akuyang'anidwa. Botolo lopanda kanthu na ciwelengelo ca odwala sizinama.

Kwa Unduna wa Zaumoyo: kulemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022 cinali cinthu cabwino, ndipo tinaomba m'manja. Koma nesi wa mu ICU amafunika maphunzilo apadela, ndipo bedi ya ICU yopanda nesi wokwanila ni bedi ya dzina cabe. Mukamatsegula ICU yatsopano na kudula liboni, tiuzeni manesi angati adzakhalamo pa shifiti ya usiku.

Kwa inu anzanga amene muli ku makoleji a unesi na udokota, ndipo nidziwa kuti muli ambili: cizolowezi cimene mutenge pa maphunzilo a m'wodi ndico mudzakalamba naco. Gulani kabotolo kanu ngati cipatala sicinakupatseni, ngakhale kuti si cilungamo kuti mugule. Pakani musanagwile munthu. Ndipo mukadzakhala akulu, kumbukilani mmene munali kuopela kukamba, kuti odzabwela pambuyo panu asadzakuopeni conco.

Kwa ife tonse amene tsiku lina tidzaimilila pambali pa bedi ya mai, ya mkazi, ya kakhanda kathu kobadwa masiku asanakwane, kapena ya mnzathu amene wagwa pa njinga yamoto: coyamba tisambe ife eni tisanagwile wodwala, ndipo foni imene tayenda nayo tsiku lonse ikhale m'thumba. Caciwili, tifunse. Safunsa anadya phula. Palibe cifukwa cocita mwano kapena kujambula vidiyo. Munthu wotopa ukamunyoza amaumitsa mtima. N'zotheka kukamba mwaulemu kuti, "Ba sister, pepani, nili na mantha na matenda. Mungapakeko sanitaiza musanamugwile?" Botolo likakhala lopanda kanthu, funso lipite kwa mkulu wa wodi, osati kwa nesi amene akuthamanga. Likakhalabe lopanda kanthu mawa, lipite ku ofesi ya mkulu wa cipatala, molemba, na deti.

Nesi uja namukumbukila bwino. Sanali pa foni. Sanali waulesi. Anali kuthamanga kuti malume anga asafe pa mphindi imeneyo, ndipo anakwanitsa. Pakati pa bedi ya mnyamata uja na bedi ya malume panali masitepe anai, ndipo pa masitepe anaiwo panalibe botolo. Ine n'nali pomwepo, pakamwa nili napo, koma n'nasankha ulemu. Nikadzaimililanso pambali pa bedi yotelo, nidzafunsa.